Kalata Yopita ku Komiti

Tinakumana Lachinayi, m'holo ya loja kuseri kwa depoti ya Dedza,
nkhungu itatsika m'phiri n'kudzatsamira pazenera
ngati munthu wofuna kumva za eni ake.
Tinalipo khumi ndi atatu: osoka yunifomu, osoka jombo,
awiri operekera nyemba ku baraki,
ndi a Chikakuda, amene sagulitsa kanthu kooneka ndi maso
koma ndiwo tcheyamani.

Ine ndine mlembi, poti ndinalemba Fomu Folo kawiri.

"Lemba," anatero, "kuti chitetezo cha dziko
chimayambira kuphazi kwa msilikali."
Ndinalemba.
"Lemba kuti jombo yogula kunja ndi chitseko chosatseka."
Ndinalemba, maso anga atagwera pansi pa tebulo
pamene nsapato zawo zinkanyezimira m'chilankhulo china.

Mayi Nabiyeni, a makina asanu ndi awiri ku Bembeke,
anaimika dzanja:
"Mulembenso kuti za chaka chatha sanatilipire.
Atsikana anga akudya mbatata ya ngongole."
A tcheyamani anakanda chibwano.
"Mayi, kwa aphungu sitipita titanyamula njala,
timapita titanyamula mbendera.
Njala ilowa pandime ya naini."

Ndime ya naini inatuluka mzere umodzi, woonda.

Panali mnyamata wa laputopu, tinachita kumulipira,
wodziwa khomo lililonse la ku Lilongwe
ndi dzina la mwana wa aliyense wokhala kuseri kwa khomolo.
Anafufuta "tikupempha", n'kuika "tikulangiza".
Anafunsa kuti tonse pamodzi talemba antchito angati.
Tinawerenga zala: makumi anayi ndi mmodzi.
"Nanga ana awo? Nanga wogulitsa ulusi?
Nanga wa kabaza amene amanyamula zikumba?"
Pofika nthawi ya tiyi tinali anthu zikwi zitatu.

Wa nyemba wamng'ono uja, a Mtukuleni, anapumira m'kapu:
"Akangotumiza gulu lina kunja kuja, chaka chino tapola."
Kenaka anamva mawu ake omwe
n'kuyang'ana kudenga.
Palibe anayankha. Masipuni okha.

Izi sindinazilembe.

Sindinalembenso za foni ya m'thumba langa.
Mphwanga Sitoni, chaka chachitatu ali m'yunifomu,
ananditumizira chithunzi mwezi wathawu:
jombo itayasama kutsogolo ngati mlamba,
sokosi ikusuzumira m'matope a dziko la eni.
"Achimwene, onani zimene tikuyendera."
Ndinakuza chithunzicho ndi zala ziwiri.
Msokowo ndimaudziwa.
Ulusi uja wotchipa tinagula pa Lizulu mwezi wa Juni
pamene cheke chinachedwa, guluu atatha.
Dzanja ndi langa.

Ndiye ndinene kuti chiyani?
Kuti atilipire, tisoke zolimba?
Kuti asiye kutigula, mphwanga ayende bwino,
atsikana a ku Bembeke apakire makina?
Zonsezi n'zoona, koma kalata ili ndi khomo limodzi
ndipo a Chikakuda aima pomwepo.

Tinasonkha ya mafuta, ya chakudya cha masana cha olemekezeka,
ndi ina imene inalibe dzina m'buku.
Tinasankha opita: a masuti atatu.
Mayi Nabiyeni anauzidwa kuti adzaimiridwa bwino lomwe.
Anamanga chitenje, n'kufunsa ngati minibasi ya ku Bembeke ikadalipo.

Anthu atamwazikana ndinatsala ndi chidindo.
Inki inali itauma ndi chisanu cha kuno.
Ndinachiuzira mpweya, monga amachitira ndi khala lofuna kuzima,
n'kutsindika ndi thupi lonse.
Panatuluka mawu oti BUNGWE, akuda bii,
enawo, onena kuti ndi la yani,
anangooneka mbuu.

Ndinapinda kalatayo katatu.
Sitoni sindinamuyankhebe.