Maomu Asanu ndi Atatu

Veikko anamwalira mu Novembala,
madzi a m'nyanja ya Näsijärvi asanaundane.
Raili anandiimbira Lachinayi:
"Bwera udzatenge chinthuchi, chikungodya malo."
Chinthucho chinali ampulifaya ya mababu,
yolemera ngati thumba la simenti,
yong'ambika chikopa pakona
pomwe inagwera pa masitepe a ku Pispala
tsiku lomwe tinaimba paukwati wa mlongo wake.
Bokosi la masipika anali atagulitsa kale.
Sankadziwa kuti ziwirizi sizisiyana.
Sindinamuuze.

Kumbuyo kwake kuli kapepala komata ndi selotepi,
dzanja la Veikko, zilembo zopendekera ngati mpanda wakugwa:
Maomu asanu ndi atatu basi.
Osayatsa popanda sipika.

Lamuloli ankalibwereza Lachisanu lililonse
m'galaja mwake monunkha oilo ndi khofi wopserera.
Ankati ampulifaya yotere ikasowa kotulutsira mawu
sikhala chete ayi,
imadzidya m'kati,
thiransifoma n'kutentha, kautsi, basi zathera pomwepo.
Ine ndinkangoseka.
Ndinali woyendetsa basi,
zamagetsi ndinkamusiyira mwiniwake.
Changa chinali kukanda nsambo zisanu ndi imodzi,
mophonyaphonya.

Miyezi iwiri inagona pansi pa tebulo, yozizira.
Ndinkapunthwa nayo chala usiku popita kukamwa madzi.

Mu Januwale ndinapita ku Hervanta
kwa mnyamata wa ndolo pamphuno, Eetu,
wogulitsa zotsala za magulu oimba amene anapasuka.
Anatembenuza masipika, kuwerenga pamsana.
Uyu maomu khumi ndi asanu ndi limodzi.
Uyunso chimodzimodzi.
Uyo anayi, wobooka ngati tsamba lodyedwa ndi mbozi.
Amene ndinadzera panalibe.

Ndinavala chipewa.
"Taimani, madala. Tengani awiriwa.
Muwalumikize moyandikana,
waya wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda,
atsika afika pa asanu ndi atatu."
Ndinati mwana iwe, masamu ako unaphunzira kuti?
Kuphatikiza n'kumachepa?
Iye osatekeseka:
"Msewu umodzi ukasanduka iwiri
magalimoto sapanikizana.
Paja munati munali dalaivala?"

Ndinawanyamula m'zikwama ziwiri, wina dzanja ili, wina ili,
kuyenda mwakachetechete pa chipale choterera
ngati ndanyamula mazira a eni.

Bokosi ndinakhoma ndekha ndi matabwa a shelefu yakale.
Ngodya imodzi ndi yokhota mpaka lero.
Powotcherera mawaya mtovu unandidonthera pachala,
ndinatukwana Veikko ndi dzina lake lonse
ngati ali pakhomo akuseka.
Ndinayeza katatu ndi kamita kobwereka.
Kachinayi ndinayeza chifukwa cha mantha chabe.

Kenako swichi.
Mababu sathamanga.
Amayamba ndi kadontho kofiira,
kukula pang'onopang'ono ngati khala lopemereredwa,
fumbi la m'galaja ija n'kuyamba kununkha m'khitchini mwanga.
Ndinadikira mphindi yathunthu monga ankachitira iye,
manja m'thumba.
Kunabwera kang'ung'udza kapansipansi
konga ka firiji usiku.
Utsi sunatuluke.

Ndinalumikiza gitala, n'kukhwatcha kamodzi.
Masupuni analira m'dirowa.
Mayi Lahtinen a m'nyumba yapansi anagogoda paipi.

Ndisaname, si mawu ake.
Ake anali okhuthala, amchenga pang'ono kukhosi.
Awa ndi owala, othwa m'mphepete,
ngati munthu wachilendo wavala jekete la mnzako.
Ndinapotoza mabatani onse, sanabwere.

Komabe ndinaimba mpaka zala kuwawa,
nyimbo zathu zitatu zomwe zija,
ndi kuphonya pamalo omwe aja.
Pomwe iye ankalowa ndi gitala yake
ndinasiya mpata,
mababu akuyaka,
masipika awiri akupuma okha.

Lachisanu likubwerali ndamuitana Eetu.
Akuti amaimba besi, koma osati bwino.
Ndamuuza kuti abwere ndi waya wake.