Inki Yofiira

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ku Gavumenti Pulinti,
bambo anga a Mulepa ankasaka zolakwa.
Kachilembo kakapendekeka m'chikalata cha boma
ankakatola ngati nsabwe mumsoko wa malaya.
Ife ana tinkaopa kuwalembera kalata:
inkabwerako itathimbirira inki yofiira.

Choyamba chinali chaching'ono.
Makiyi a njinga m'chitini cha shuga.
Tinaseka. Iwonso anaseka mpaka kutsokomola.
Nanga ndani sanafunepo chipewa chili kumutu?

Kenako m'mawa wina wa chiperoni,
phiri litafunda nkhungu mpaka m'mawondo,
anati, Esinala, basi ya ku Jali yapita?
Yapita, bambo.
Tiyi asanapole: basi ya ku Jali yapita?
Yapita.
Kachisanu ndinayankha ndi mano,
ndipo anandiyang'ana ngati mwana womenyedwa wosalakwa,
poti kwa iwo kanali koyamba kufunsa.
Ku Jali nkumene amayi anagona, chaka chachisanu ndi chimodzi chino.

Supuni inasanduka "chakuti, chijachi, chodyera chija."
Bawo la pansi pa mbawa ku Matawale analisiya,
ati anzawo ayamba kubera.
Sikunali kubera.
Njere zinkawathera m'dzanja asanadziwe kumene akulowera,
ndipo manyazi anasankha kuvala mkwiyo.

Penshoni anaibisa mu Masalimo.
Kutacha, Chifuniro ndiye wakuba.
Mwana wa sitandade faifi analira tsiku lonse kuseri kwa bafa,
ine pakati, osadziwa woyamba kumutonthoza.

Loweruka lina anapita kumsika kukagula matemba a ku Kachulu,
njira imene mapazi awo anaisalaza okha.
Dzuwa linapendeka. Linalowa.
Wakabaza wina, Mulungu amudalitse, sindinamufunse dzina,
anawapeza pa mlatho wa Likangala
atamanga tayi, jumbo yopanda kanthu m'manja,
akuti achedwa kuntchito, abwana akalipa.
Ntchito anapuma ine ndisanakwatiwe.

Apo pakamwa pa anthu panatseguka.
Ena: ndi ukalamba, asiyeni.
Ena, motsitsa mawu pampopi:
nkhalamba yoyenda usiku timaidziwa ife.
Wina pafoni kuchokera ku Lilongwe: apititseni ku Zomba,
ngati kuti sitili kale ku Zomba,
ngati dzina la kwathu ndi chingwe chomangira munthu.

Ndinagula kope la mizere pagolosale.
Ndinayamba kulemba, ine amene ndinkaopa cholembera chawo:
tsiku, ola, chimene aiwala, chimene anena.
Mbaula yosiyidwa ikuyaka. Juzi ziwiri mu Okutobala.
Masamba khumi ndi anayi
ndiwo ndinanyamula popita nawo ku Sentulo.

A dokotala, mayi Kalinde, anawerenga osathamanga.
Anati, kuiwala pamene waika makiyi nkwa tonsefe;
koma munthu akawagwira nkufunsa kuti ntchito yake nchiyani,
akasochera pakhomo pake,
akasintha mtima ngati si yemwe uja,
musadikire, bwerani naye.
Anayeza shuga, magazi, makutu ndi maso,
poti zina zimachizika zikapezeka msanga.
Kenako anawapatsa pepala: jambulani wotchi.
Manambala onse anaunjikana mbali imodzi
ngati anthu ousa mvula pakhonde la sitolo.

Si ufiti, anatero. Si tsoka la munthu.
Ndi matenda a ubongo, ndipo ali ndi dzina.
Sindikulonjezani kuti abwerera,
koma mwafulumira, ndipo pali zambiri zoti tichite.

Tsopano nambala yanga ndinaisokera m'kolala ya jekete.
Chifuniro ndinamufotokozera; amawaperekeza kumsika.
Pazitseko ndinamata mapepala a zilembo zikuluzikulu.

Dzulo ndinawapeza ataima pa chitseko chakumapeto,
cholembera chofiira m'manja.
Ndinali nditalemba CHIMBUZI.
Anaikapo D wake, bwinobwino, pakati pa U ndi Z,
nandiyang'ana pamwamba pa magalasi
monga kale, monga kale ndithu.

Ndinathawira kukhitchini kukapukuta m'maso.
Ali kumbuyo kwanga:
Esinala, basi ya ku Jali yapita?

Yapita, bambo.
Khalani pansi, tiyi wapsa.
Ibweranso mawa.