Wokoka Tcheni

Ku Bama ndinkakoka mfuti yaikulu m'matope.
Kuno ku Lilongwe ndikukoka tcheni.
Zonse ndi ntchito za boma, anatero kalaliki Yotamu,
akunyambita pensulo,
nalemba dzina langa pansi pa la wophika tiyi.

Bwana wathu timamutcha Katsinzina.
Amaimika makina a miyendo itatu pachulu,
natsinzina diso limodzi,
ndipo ndi diso lotsalalo amaona dziko lopanda anthu.
Akakweza dzanja, ndimaima.
Akatsitsa, ndimakhoma chikhomo.

Lachiwiri tcheni inaoloka Lingadzi,
inalowa m'dimba la a Nachisale,
inagoneka mpiru, inathyola maluwa a nyemba.
Iwo anaweramuka, khasu lili m'manja:
Kodi iwe si mwana wa Chilikumtima?
Ndinati ndine.
Nanga chingwe chachitsulochi n'cha mbuzi ya yani?
Sindinayankhe.
Dzanja la Katsinzina linali litatsika kale.

Akuti ku Zomba kwakhala makomiti.
Ina ikuona za malo, ina za malipiro,
ina ikusoka malamulo atsopano a dziko
ngati telala wa pakhonde la sitolo
amene adula nsalu asanamuone mwini malaya.
Yotamu anatiwerengera pamthunzi wa ofesi:
mipando iwiri, mwina itatu, ya anthu akuda
m'nyumba ija amapangiramo malamulo,
wosankha wokhalapo ndi Bwanamkubwa.
Tinaomba m'manja poti mesenjala ankatiyang'ana.
Ine chamumtima ndinawerenga anthu onse owadziwa
kuyambira ku Nathenje kukafika ku Nsaru,
ndipo pa mipando itatu sanakwanepo
ngakhale atakhalirana pamiyendo.

Za malipiro zinafika mochedwa, mvula itayamba:
sheleni imodzi ndi tiki pamwezi, zoonjezera.
Mchere unamva msanga, unakwera sabata yomweyo.
Biriwita nayo. Palafini.
Mkazi wanga Esinta anaika tikiyo pachikhatho
naiuzira
kuti aone ngati iuluke.

Pa sitima yobwerera, pakati pa nyanja yamchere,
kapitawo wa Keyala anatiuza kuti Mfumu siiwala.
Lingisoni sanamve nawo zimenezo.
Tinamusiya pansi pa nsungwi
ku dziko limene sindingathe kulilozera ndi chala.
Mendulo yake inafika kwa amake mu envelopu.
Munda wake ndauona pa pepala la Katsinzina,
kabokosi kofiira, kokhala ndi nambala,
kopanda chulu chija tinkatcherapo ngumbi tili ana.

Usiku wa Lachisanu, mwezi uli pamwamba pa Bunda,
ndinapita ndekha m'dimba muja.
Ndinazula chikhomo
n'kuchisuntha mapazi khumi ndi awiri.
Ndinawerenga bwino, anandiphunzitsa kuguba.
Ndinafufuta mapazi anga ndi nthambi
monga tinkachitira kunkhondo.

M'mawa Katsinzina anatsinzina,
anatsegula buku lake, anatsinzinanso,
nandikodola ndi chala.
Sanakalipe.
Anangonong'oneza Yotamu,
ndipo pakutha pa mwezi tiki ija inabwerera kwawo.

A Nachisale sandiyankhanso moni.
Amayankha jasi langa lakunkhondo, amati
wadzuka bwanji boma.

Tsopano tikuyeza cha ku Kawale.
Dzana tinabwerera ku Lingadzi kukaona mzere wakale,
tinapeza chiswe chitadya zikhomo zonse,
kwatsala timaenje ndi dothi lofiira,
mpiru wameranso osafunsa nambala.
Ndinaseka mpaka tcheni inalira.
Katsinzina analemba kalata yopita ku Zomba,
komiti inakhala, yankho labwera dzulo:
chaka chamawa zikhomo zidzakhala za simenti.
Yotamu wandiuza kulemera kwake kwa chimodzi.
Za sheleni yoonjezera kalatayo sinanene.
Inangoti pafunika munthu wamphamvu,
wozolowera kusenza.