Kope Lachiwiri

Lolemba m'mawa, nkhungu isanachoke pa Mulunguzi,
ndinakwera phiri ndi thumba, mpeni ndi nyuzipepala zakale
kukazula chomera chimene kwathu timati chitambala.
A ku koleji amati feni.
Anyamata osenza matabwa a paini anandipatukira akuseka:
"Amayi, chimenecho ngakhale mbuzi imachilambalala."

Chilibe duwa, chilibe chipatso.
Kunsi kwa tsamba kuli fumbi la dzimbiri,
ndipo nsonga yake yanthete ndi yopindika
ngati nkhonya ya khanda
lokana kuonetsa chimene labadwa litafumbata.

Ku Hebariyamu, Dokotala Mangulenje anadula kansonga ka muzu,
anakadonthezera utoto, anakatswanya pakati pa magalasi awiri,
nati, "Enelesi, suzumira, uwerenge."
Timitolo takuda, tothithikana ngati nthochi pa mkoko.
Ndisanafike pakati maso anachita misozi.
Ndinayambanso. Ndinadutsa zana, ndinasokonezanso.
"Ife anthu tili nato fote sikisi basi," iwo anatero.
"Ichi, kalekale, pogawira ana chuma
chinaiwala kugawa pakati.
Mwana analandira buku lonse la mtundu kawiri.
Mdzukulu wina, mapiri atakalamba, anabwerezanso,
ndipo banja limeneli silifulumira kutaya."

Ndinakumbuka mayi anga.
Ankatayipa m'maofesi a njerwa zofiira aja
boma likadagona mu Zomba.
Pepala loyera pamwamba, kaboni pakati, lopyapyala pansi.
Loyera linkapita kwa bwana kukadindidwa
ndi kutsekeredwa m'kabati.
Lapansi lija, la zilembo zonenepa ngati zalowa madzi,
masiku ena linkabwera kunyumba m'chikwama.
Kuseri kwake tinaphunzirirako a e i o u,
analembako ngongole ya sopo ya kwa Che Sanudi,
tinakulungiramo mbewu ya mpiru,
mlongo wanga anapinda ndege imene inatera m'chitsime.
Likulu litasamuka, oyera aja anakwera lole.
Sindidziwa ngati chiswe cha ku Lilongwe chinawasiya.
Athu ena akadali m'sutikesi, akununkha utsi.

"Loyamba sililoledwa kulakwa," anapitiriza Dokotala
akupukuta galasi ndi mpango,
"ndilo likuphika, ndilo likutunga madzi.
Lachiwiri palibe amaliyang'anira.
Ambiri otero amangogona mpaka zilembo kufufutika.
Koma limodzilimodzi, m'kulakwitsa mommo,
limaphunzira kupirira chilala,
kumera m'mng'alu wa thanthwe,
kuwawa kuti mbuzi ilambalale."

Sindinawauze kuti Enelesi woyamba sindine.
Ali ku Chinamwali, pansi pa mtengo wa keshya,
chikuku chinamutenga asanathe kutchula dzina lake.
Iye sanayankhepo mwano, sanalephere mayeso,
sanabwere ndi mimba ya mnyamata wa ku Matawale.
Ine ndinalandira dzina, kadiresi kachikasu,
ndi maso a mayi oyang'ana kupyola ine.
Ndinathawa unamwino chaka chachiwiri.
Ndinadzapezeka pano, ndikumata masamba ouma pa mapepala,
ndikudziwa mayina a zinthu zimene anthu amaponda.
Kaya ndiko kufufutika, kaya ndiko kumera pathanthwe,
sindinawerenge mpaka kumapeto.

Madzulo ndinayala chitambala pakati pa nyuzipepala,
tsamba la imfa pansi, la mpira pamwamba,
ndinamanga malamba, ndinasanjika njerwa.
Chikalata chake ndinalemba kawiri:
malo, tsiku, dzina la wozula.
China chikhala muno, china chidzakwera ndege.

Mwezi wa Okutobala phiri lidzapsanso.
Mapaini adzaima akuda ngati machesi otha ntchito.
Mvula isanagunde n'komwe,
pitani mukaone m'phulusa kumtunda kwa damu
tinkhonya tobiriwira tikutuluka,
titafumbata mabuku athu onse,
ofunika ndi osafunika omwe.