Ndime Yachitatu

Nyimbo ija ndinaipeka ndili pa matiresi,
chitseko chokhoma, malata osadontha.
Mawu ankangotuluka ngati madzi a pampopi:
osowa pogona, osowa pogona,
Ambuye akumbukireni.
Kwaya inaikonda. Mayi Nakhumwa analira pa ndime yachiwiri
mpaka kiyibodi inachita kuwadikira.

Tinkayeserera Lachinayi lililonse m'tchalitchi chathu pa Luchenza,
chiperoni chikulowera pa zenera losweka lija
limene komiti yakhala ikulikambirana zaka zitatu.
Kumbuyo, pakati pa benchi lomaliza ndi khoma,
panali mkeka, chigubu, jumbo ya buluu,
ndi a Mukhwapa.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi anathyola tiyi m'mapiri a Thyolo,
dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno.
Msana utakana, kapitawo anabwera ndi pepala:
nyumba ya ku kompaundi ndi ya ntchito, si ya munthu.
Kuchikamwini, atangoika maliro a akazi awo,
alamu anayamba kusesa mozungulira mapazi awo.
Kwawo kwenikweni napolo anafafaniza ndi malire omwe.
Abusa anangoti, "Gonani muno kaye."
Kaye ameneyo wadya Khirisimasi ziwiri.

Linafika tsiku lojambula vidiyo.
Yunifolomu zosita, nsapato zowala,
mnyamata wa kamera wochokera ku Limbe
anamwaza maso, nati,
"Katundu uyo akuwononga chithunzi."
Ndine ndinapita. Ineyo, mwini nyimbo.
Ndinati, "Madala, tatulukani pang'ono,
tikufuna tiimbe."

Sanakwiye. Anapinda mkeka, ananyamula jumbo,
pakhomo anatembenuka:
"Nyimbo yanu ndi yabwino, aphunzitsi,
ndimaimvera Lachinayi lililonse.
Koma mwati usiku timalira.
Usiku sitilira ayi, timawerenga:
agalu angati, alonda angati,
kwatsala maola angati kuti tambala wa eni ake alire.
Mwatinso tikusowa denga.
Denga si ili?
Chosowa ndi msomali.
Msomali umodzi wokha pakhoma
woti ukolowekepo jekete,
upite kumsika, ukachedweko,
pobwera ulipeze pomwepo
popanda wofunsa kuti ndi la yani."

Anakakhala pansi pa mtengo wa mapeyala,
chipewa chikudontha,
ife mkati tikukweza manja kumwamba
kasanu konse, poti kamera inkafuna tibwereze.
Ine pakamwa pankatseguka, mawu osatuluka.
Mukaionetsetsa vidiyoyo,
wachitatu kuchokera kumanzere akungotafuna mphepo.

Madzulo ndinabwereka hamala kwa a Namalomba okonza njinga.
Msomali wa mainchesi anayi, wopindika pang'ono,
ndinauwongola pamwala
ndi kuukhoma pamwamba pa benchi lomaliza.
Pulasitala inagamuka ngati chikhatho cha mwana.
Lamulungu a komiti anafunsa mokweza
kuti ndani akuboola nyumba ya Mulungu.
Abusa anayang'ana jekete lili lende pakhoma,
anayang'ana pepala lawo,
nati, "Tipitirize. Nkhani yotsatira ndi ya zenera."

Sindikunena kuti ndinakonza kanthu.
Msomali si nyumba.
Mwezi wa Juni ukafika simenti imalumabe nthiti,
ndipo pali ena atatu amene amagona pakhonde la sitolo ya mbewu
amene mayina awo sindinawafunse.

Ndime yachitatu sindinailembebe.
Ndayesa, koma liwu lililonse limanunkha matiresi.
Lachinayi tikafika pamenepo, kiyibodi imayenda yokha,
kwaya imakhala duu mizere inayi,
Mayi Nakhumwa amayang'ana zala zawo,
ndipo kumbuyo kuja a Mukhwapa
amagogoda chigubu ndi chala chimodzi,
osathamanga, osatsalira,
ngati munthu wogogoda pakhomo
amene akudziwa kuti mkatimo muli anthu.