Bafa la a Makwinja

Kuseri kwa nyumba ku Namiwawa
kuli bafa losasambiramo.
Munthu amayamba wasamba, kenako n'kulowamo
kukangokhala, madzi akubwadamuka m'nthiti mwake.
Eni ake amati jakuzi.
Ine Lefani wa m'maluwa ndimati mwana wanga wachinayi,
poti ndiye amandidyera nthawi kuposa atatu aja.

Januwale, mvula ikaphimba phiri la Soche,
ndimathamangira chivindikiro, zovala zinyowe pachingwe.
Madzi akumwamba sagwirizana ndi madzi awa:
amadza ndi dothi, inswa zothothoka mapiko,
ndi chule mmodzi wamakani
amene ndamuvuula kasanu chaka chino.
Ndimakoka malamba onse anayi, njerwa ziwiri pamwamba,
pakuti mphepo ya chaka chatha
inakachikoleka chivindikirocho pampanda wa aneba.

Lolemba lililonse ndimaviika kapepala
n'kudikira kuti kasinthe mtundu.
Sukulu ndinalekeza fomu wanu
koma madzi ndimawawerenga.
Kapepala kakatuwa, supuni imodzi ya mankhwala.
Madzi akachita mbuu ngati otsukira mpunga,
sefa yatopa, ichapidwe ndi payipi,
khwinya lililonse palokha.
Mankhwalawo andisuwa zala.
Nasiyani amati ndimafika kunyumba ndikununkha chipatala.

Juni ndiyo nyengo yake.
Chiperoni chikatsika n'kumeza Ndirande yense,
nthunzi imafuka kuseri kuno ngati tikuphika kachasu.
A Makwinja amatsika masitepe ndi bondo lawo lovuta lija,
n'kulowamo pang'onopang'ono, maso ali tsinzi.
Ine ndili pa mita, kuona mayunitsi akusungunuka.
Magetsi akazima pampu imangoti zii,
kufunda n'kuyamba kuthawa ngati malipiro pa faifi,
ndiye ndimafunditsa bafa bulangete lakale la galu
n'kuopseza ana a alendo: wotsegula ndithana naye.

Ogasiti, fumbi ndi phulusa la tchire lopsa.
Okutobala, jakaranda amakhetsa maluwa ake
ngati walipidwa kuti andizunze.
Dzuwa limang'amba chikopa cha chivindikiro,
ndimachidzoza mafuta
ine zidendene zili ng'aa.

Koma tsiku lovuta ndi lokhuthula.
Miyezi itatu ikakwana madzi amakalamba,
atero buku lake,
migolo isanu ndi iwiri ipite pakapinga.
Sabata imeneyo ku Bangwe mipopi inali itauma masiku anayi.
Nasiyani anadzuka fili koloko
kukaika chigubu pamzere,
n'kubwerako dzuwa lili paliwombo ndi theka la ndowa.
Ndinagwira chotsegulira, dzanja linakana.

Ndinapita kukabwereka zigubu kwa alonda a mumsewu wonse,
zachikasu, za mafuta ophikira,
n'kuzindandalitsa pafupi ndi maluwa.
Ndili pa chachisanu ndi chimodzi ndinamva chifuwa pakhonde.
A Makwinja anayang'ana zigubu, anayang'ana ine,
anayang'ananso kapinga wawo wachita dzimbiri.
"Amenewo osamwa," anatero,
"ndipo wilibala ibwere mawa."
Basi, analowa.

Lolemba lotsatira ana anga anapita kusukulu
mayunifolomu ali mbee, akununkha chipatala.
Ndaona anauza anzake kuti kwathu tili ndi jakuzi.

Ndinatsuka bafa ndi nsanza yofewa, osati sitiliwulu,
ndinachotsa ndere m'timabowo ndi mswachi wakale,
ndinadikira usiku kuti mpopi ukhale ndi mphamvu,
linadzaza tambala woyamba akulira.

Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano.
Sindinalowemo, ndipo sindinapemphepo.
Koma m'mawa uliwonse ndimapinda malaya,
ndimapisamo mkono kuyesa kufunda kwake,
n'kuuchedwetsamo pang'ono kuposa mmene ntchito ifunira.
Thupi lonseli ndi la ku Bangwe,
limadziwa beseni ndi kapu.
Mkono wamanja wokhawu, kulekeza m'chigongono,
ndiwo umakhala ku Namiwawa.