Lusaka wa M'zikhatho

Mawa m'mawa adokotala apala ng'ala
m'maso mwa atate, a Yotamu Miti.
Lero akana kukhala pampando kwanga ku Kabwata.
Akuti, "Tikambenji, ndiperekeze,
mzindawu ndiuone ndisanauone."

M'minibasi atipanikiza ngati matumba a makala.

Ku tchalitchi cha Mtanda Woyera, pachitunda,
ine ndikusimba za magalasi,
ofiira, obiriwira, achikasu,
dzuwa likuwakhuthulira pansi ngati utoto,
wina wawagwera pajekete, iwo osadziwa.
Sakundimvera. Ayedzamira khoma,
chikhatho chikuyenda pang'onopang'ono
monga chimayendera pa nthiti za ng'ombe yogula.
"Konkire iyi adaithira m'matabwa.
Bweretsa dzanja. Wamva mizere?
Apa panali mfundo.
Thabwalo lidapsa kalekale pamoto wa munthu
koma nkhope yake idatsala m'nyumba ya Mulungu."

Pamsewu wa Independence jakaranda wayoyola maluwa.
Aterereka, andigwira mkono,
afunsa amene watayira therere mumsewu wa boma.

Pa chiboliboli cha Ufulu
mwamuna wopanda malaya watukula manja,
unyolo waduka pakati.
Ali pamwamba, zala za atate sizingamufike.
Ndiyamba za minofu, andidula:
"Mapazi waponda bwanji?
Wodula chitsulo sayima ngati wojambulitsa."
Kenaka apisa m'thumba,
atulutsa ndalama yapepala yofota ngati tsamba la fodya.
"Munthu uyu ndayenda naye zaka zonsezi.
Wandigulira mchere, wakulipirira sukulu,
wathawa m'manja mwanga mwezi usanathe.
Lero ndiye ndabwera kudzamupatsa moni."
Avula chipewa.
Mnyamata wa kamera akufuna makwacha makumi awiri;
atate akuti chithunzi n'cha chiyani
kwa munthu amene akuona utsi wokhawokha,
komabe awongola kolala.

Pa Cairo Road anthu akutigunda mapewa,
a malamba, a machaja, a mankhwala a mphemvu.
Ndiwatukula chibwano: "Uko, Findeco."
"Ndikuona mthunzi wautali, basi. Werenga."
Ndiwerenga nsanjika mokweza,
hutala ya basi indisokoneza pa khumi ndi zinayi.
Aseka mpaka kutsokomola.
"Yachisanu ndi chitatu ndidaikwera ndi ndowa pamutu
ndili wamng'ono kukuposa iwe.
Mphepo ya kumeneko imavula munthu malaya.
Dzina langa sulipeza paliponse,
koma kuseri kwa masitepe, simenti isanaume,
ndidadinda chala chachikulu ichi."

Ine ndadutsa pano kangati,
maso pa chikwama, maso pa matope,
osadziwa kuti kumwambako
kuli chala chimene chinkanditsina khutu?

Mlonda wa pakhomo atiimitsa ndi ndodo.
"Mwabwera kudzaona ndani?"
"Chala changa," atero atate.
Mlonda ayang'ana ine, ayang'ana manja awo,
awerenga zala: zonse zilipo.
Akuti tibwere Lolemba ndi kalata.

Tabwerera wapansi mpaka ku Kamwala,
nthochi ziwiri, madzi a m'pulasitiki.
Nyumba yosungira zakale tailambalala,
akuti zonse za mmenemo adazitsekera m'magalasi,
ndipo galasi kulikhudza n'kumodzimodzi kulikonse.

Madzulo ndawasambitsa m'manja.
Fumbi la tchalitchi, la njanji, la masitolo a amwenye
lakhazikika pansi pa beseni.
Anamwino adati ikakwana folo koloko m'bandakucha
asalawe ngakhale madzi.
Agona msanga, nsapato ataziika pamodzi pakhomo
ngati mwana wopita ku mayeso.

Ndazimitsa nyale.
Mumdima ndayala chikhatho pakhoma la nyumba ya lendi,
ndayenda nacho kuchoka pawindo kukafika pangodya.

Lapindika.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndagona pano
osadziwa.